Okalamba a ku Scotland akana kucotsedwa m'midzi yao, ndipo ali ndi cifukwa

M'caka ca 2025 khonsolo ya Aberdeenshire, cigawo ca alimi ndi asodzi cimene ciri kumpoto cakum'mawa kwa dziko la Scotland, inalengeza maganizo ofuna kutseka malo 17 mwa malo ake okhalamo anthu okalamba. Ambiri mwa malowa ali m'midzi ndi m'matauni ang'ono-ang'ono monga Cruden Bay, Gardenstown ndi New Pitsligo. Akulu-akulu a khonsolo anati zipinda zambiri ziribe anthu, ndipo ndalama zosamalira ndi kukonzera nyumbazo zikuposa zimene amatolera pa lendi. Okalamba okhalamo, ana ao ndiponso anansi ao anakana. Anacita misonkhano, anasaina zikalata za madandaulo ndi kuuza makhansala poyera kuti sakufuna kucoka.

Wina angafunse kuti nkhani ya kutsidya kwa nyanja ikufuna ciani pa tsamba la zaumoyo. Yankho lake ndi lakuti kusamutsa munthu wokalamba kumakhudza thupi lake ndi maganizo ake monga mmene matenda amacitira. Anthu a m'midzi imeneyi anacita bwino kukana, ndipo zifukwa zao ziyenera kumvedwa ndi banja liri lonse la m'komboni limene likuganiza zokatenga ambuya kumudzi kuti adzakhale m'tauni.

Nyumba zimenezi ndi zotani?

Nyumba zimene akukanganira amazicha sheltered housing m'Cingerezi. Si cipatala, ndiponso zimasiyana ndi nyumba zosungiramo odwala amene sangathe kudzisambitsa kapena kudzidyetsa okha. Ndi tinyumba kapena mafulati omangidwa pamalo amodzi, ndipo munthu ali yense kapena banja liri lonse limakhala ndi khomo lake, kiyi wake, khichini lake ndi cimbudzi cake. Amalipira lendi, amadziphikira ndipo amalandira alendo pa nthawi imene afuna. Cimene cimasiyanitsa malowa ndi nyumba wamba ndi cakuti pamakhala woyang'anira amene amaona ngati onse adzuka bwino, pamakhala cipinda cacikuru cocezeramo, ndipo m'zipinda mumakhala cingwe kapena kabatani koitanira cithandizo usana ndi usiku ngati munthu wagwa kapena wadwala mwadzidzidzi.

Makhonsolo a ku Britain anamanga malo otere ambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mpaka m'ma 1980. Kumidzi colinga cinali cakuti mlimi kapena msodzi amene mphamvu zamuthera, kapena mai wamasiye amene nyumba yamukulira, asamuke mtunda waufupi cabe ndi kukhalabe pakati pa anthu amene anakula nao. Chalichi cimakhala comweco, sitolo yomweyo, dotolo yemweyo, ndipo manda a mwamuna kapena mkazi wake amakhala poti angathe kufikapo ndi miyendo. Malo otere akatsekedwa, pamudzipo kawiri-kawiri sipakhala ena. Wokalamba amapatsidwa cipinda m'tauni ina, ndipo kumidzi ya ku Scotland mabasi ndi ocepa. Anzake amene amabwera kudzamuona masiku onse naonso ndi okalamba, ambiri analeka kuyendetsa galimoto.

Zimene khonsolo ikunena

Kunena zoona, akhonsolo sakungolankhula zopanda mutu. Ku Scotland nyumba za khonsolo zimayendetsedwa ndi thumba lapadera limene ndalama zake zimacokera pa lendi ya anthu onse okhala m'nyumba za khonsoloyo. Motero cipinda copanda munthu cimene cikudya ndalama za malaiti ndi zotenthetsera m'nyengo ya cisanu cimalipiridwa ndi mabanja ena, ndipo ambiri mwa iwo ndi osauka. Nyumba zomangidwa zaka 40 kapena 50 zapitazo zimafuna madenga, mawaya ndi mapaipi atsopano. Ndiponso okalamba ambiri a masiku ano amasankha kukhalabe m'nyumba zao, cifukwa kabatani koitanira cithandizo tsopano kangathe kuikidwa m'nyumba iri yonse, ndipo kuyambira mu 2002 anthu a zaka 65 ndi kuposerapo ku Scotland amalandira kwaulere cithandizo conga kusambitsidwa ndi kubvekedwa ngati apezeka kuti akucifunikira.

Zonsezi ndi zoona, ndipo munthu wofuna cilungamo sangazikane. Koma buku la ndalama la khonsolo limaonetsa mbali imodzi yokha ya nkhaniyi. Limaonetsa zimene dipatimenti ya nyumba idzasunga ikatseka citseko, ndipo zimene cipatala, manesi oyendera odwala m'nyumba ndi ana a okalambawo adzalipira pambuyo pake zimalembedwa m'mabuku ena.

Zimene kusamuka kumacita m'thupi

Manesi anazindikira kale kuti munthu wacikulire akacotsedwa pamalo amene anazolowera angathe kusokonezeka. Mu 1992 bungwe la manesi la ku North America linaika bvutoli pa mndandanda wa mabvuto amene nesi ayenera kuwayang'anira mwa wodwala. Zizindikiro zake ndi kusowa tulo, kusafuna cakudya, kuonda, nkhawa, kukhala cete, kulira popanda cifukwa cooneka ndi kusokoneza masiku kapena malo. Ofufuza apeza kuti si onse amene amabvutika mofanana. Amene anasankha okha kusamuka, anapatsidwa nthawi yokwanira ndipo anakaona malo atsopano asanapite, kawiri-kawiri amazolowera. Amene amapwetekeka kwambiri ndi aja osamutsidwa mokakamizidwa, mofulumira ndiponso popanda kufunsidwa. Kutseka malo cifukwa ca ndalama kumaika anthu m'gulu laciwirili.

Coyamba coopsa ndi kugwa. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti pa anthu 100 ali onse a zaka 65 ndi kuposerapo, anthu pakati pa 28 ndi 35 amagwa caka ciri conse. Wokalamba amene wakhala m'cipinda cimodzi kwa zaka zambiri amadziwa ndi mapazi ake pamene pali citseko, pamene pali sitepe ndi pamene angagwire akacita cizungulire, ngakhale mumdima. M'nyumba yacilendo nzeru zimenezi zimatha nchito, ndipo ulendo wa usiku wopita ku cimbudzi umakhala wangozi. Fupa la m'ciuno likathyoka, moyo wa wokalamba umasintha. Ku Britain akatswiri a zaumoyo amawerengera kuti mmodzi mwa anthu khumi othyoka fupali amamwalira mwezi usanathe, ndipo pafupi-fupi mmodzi mwa atatu amamwalira caka cisanathe, makamaka cifukwa ca matenda ena amene amakula munthu akagona pansi nthawi yaitali.

Caciwiri ndi matenda oiwala-iwala a muukalamba. Munthu amene matendawa angomuyamba kumene angathe kudzisamalira kwa zaka ndithu ngati ali pamalo amene amawadziwa, cifukwa miyendo yake imakumbukira njira ndipo anansi amadziwa komubwezera akasocera. Akapita kumalo acilendo, matenda amene anali obisika amaonekera msanga. Acibale amadabwa kuti munthu amene anali kudziphikira mwezi wathawu lero sakudziwa kumene kuli khomo. Zikafika apa amafunika nyumba yokhala ndi omusamalira usana ndi usiku, ndipo mtengo wake umaposa kutali-tali lendi ya kafulati kamene anacotsedwamo.

Cacitatu ndi kusungulumwa. Mu 2023 bungwe la WHO linakhazikitsa komiti yapadera yoona za bvutoli, ndipo lipoti lake la mu 2025 linati munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi ali onse pa dziko lapansi ndi wosungulumwa, ndi kuti kusungulumwa kumakhudzana ndi imfa zoposa 870,000 pa caka. Munthu wopanda woceza naye amadya mosakwanira, amaiwala mankhwala, sayenda-yenda ndipo amadwala matenda a mtima ndi a maganizo kuposa anzake. Mu kacipinda kocezeramo ka pamudzi, pamene anthu amamwera tiyi ndi kukambirana za nyengo, pamacitika nchito ya zaumoyo imene palibe amaiwerengera. Mnzake ndi amene amayamba kuona kuti uje lero sanatsegule makatani, kapena kuti mapazi ake atupa. Ubwenzi wotere umatenga zaka makumi kuti umangike, ndipo munthu wa zaka 85 alibe zaka zoyambira wina.

Ndalama zimangosamukira kwina

Zikatere, ndalama zimene khonsolo yasunga zimaturukira kucipatala. Zipatala za ku Scotland zakhala zikudandaula kwa zaka zambiri za okalamba amene madotolo anawamasula koma akugonabe pa bedi cifukwa kulibe malo oyenera kowapititsa kapena wowasamalira kunyumba. Bedi la m'cipatala ndi lodula, ndipo wina wodwala kwambiri amadikira panja. Kucokera ku Gardenstown kukafika ku cipatala cacikuru ca mumzinda wa Aberdeen ndi mtunda woposa makilomita 60. Kafulati ka pansi kopanda masitepe, kokhala ndi belu ndi woyang'anira, ndi komwe kangathandize wodwala wotere kubwerera kwao msanga. Kutseka malo otere pa nthawi imene ciwerengero ca okalamba cikukwera ndi kugwetsa nkhokwe mwezi wokolola uli pafupi.

Nkhani ya zipinda zopanda anthu nayonso iyenera kufunsidwa bwino. Malo akangomveka kuti angatsekedwe, palibe amene amafuna kulowamo, ndipo kucepa kwa anthu kumasanduka umboni wowatsekera. Asanafike pa kutseka, pali njira zina zimene akhonsolo ayenera kuonetsa kuti anaziyesa: kulengeza malowo kwa anthu, kulola olemala kapena a zaka zoceperako kulowamo, kusunga zipinda zina za odwala oturuka m'cipatala, kapena kubwereketsa zina kwa anchito osamalira okalamba amene amasowa pokhala kumidzi.

Kufunsa anthu ndi lamulo

Kukana kwa anthu wamba sikupita pacabe nthawi zonse. Mu December 2009 khoti lalikuru la ku England linathetsa maganizo a makhonsolo a Barnet ndi Portsmouth amene anafuna kucotsa oyang'anira ogona pamalo a okalamba otere. Woweruza anapeza kuti makhonsolowo sanaganizire mokwanira mmene kusinthako kudzakhudzira olemala, monga mmene lamulo linali kufunira. Amene anapita kukhoti anali okalamba eni ake. Mlanduwu unasonyeza kuti kufunsa anthu pambuyo poti zonse zakonzedwa kale ndi mwambo cabe. Kufunsa kweni-kweni kumacitika maganizo asanamangidwe, ndipo mayankho a anthu ayenera kukhala ndi mphamvu yosintha zinthu.

Maiko anagwirizana kale pa mfundo imeneyi. Mu 1991 bungwe la United Nations linabvomereza mfundo zokhudza okalamba, ndipo zina mwa izo zimati okalamba ayenera kukhala kwao kwa nthawi yaitali monga kungathekere, ndi kutengako mbali pokonza zinthu zokhudza moyo wao. Msonkhano wa ku Madrid wa mu 2002 unabwerezanso zomwezo. Okalamba a ku Aberdeenshire sanapemphe cinthu cacilendo. Anapempha zimene maboma analonjeza kale.

Sikuti nyumba iri yonse iyenera kukhalapo mpaka kale-kale. Nyumba imene yakhala yoopsa, kapena imene mwatsala munthu mmodzi kapena awiri, ingathe kutsekedwa. Koma ngati zafika pamenepo, anthu asamutsidwe pang'ono-pang'ono, pafupi ndi kwao, abwenzi apite pamodzi, ndipo nesi kapena dotolo aone munthu ali yense asanacoke ndiponso atafika.

Nkhaniyi iri m'nyumba zambiri za m'makomboni

Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. Ku Zambia kulibe nyumba za khonsolo za mtundu umenewu m'midzi. Nyumba zosungira okalamba ndi zowerengeka, monga Maramba ku Livingstone ndi Chibolya ku Mufulira zimene ndi za boma, Mitanda ku Ndola ya a Salvation Army ndi Divine Providence ku Chawama mu Lusaka. Okalamba ambiri amasungidwa ndi acibale. Conco maganizo amene ku Scotland amapangidwa ndi makhansala, m'dziko muno amapangidwa ndi ana pa foni kapena pa msonkhano wa pambuyo pa maliro. Atate akamwalira, ana amagwirizana kuti amai asatsale okha kumudzi, ndipo sabata isanathe amai akwezedwa basi ya ku Lusaka, ku Chipata kapena ku Migodi.

Ana amacita izi cifukwa ca cikondi, ndipo nthawi zina palibe njira ina. Kiliniki iri pafupi, madzi ali pafupi, mankhwala a BP ndi a shuga amapezeka msanga. Komanso alipo okalamba amene amathawitsidwa kumudzi cifukwa conamiziridwa ufiti, pamene bvuto lao leni-leni ndi matenda oiwala-iwala, ngakhale kuti lamulo la dziko lino la Witchcraft Act limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Otere kuwatenga ndi kupulumutsa moyo.

Koma pali ambuya ambiri amene kumudzi anali ndi dimba, nkhuku, anzao a ku chalichi ndi mau pa milandu ya pabanja, ndipo m'komboni amasanduka mlonda wa pageti. Ana amapita ku nchito mbandakuca, adzukulu ku sukulu, ndipo iwo amatsala okha kuseri kwa mpanda, osadziwa njira ya kumsika ndiponso osamva bwino cilankhulo ca anansi. Pakapita miyezi yocepa amayamba kuonda ndi kunena tsiku liri lonse kuti afuna kubwerera. Ana amati ndi kusayamika, koma kawiri-kawiri ndi zizindikiro zomwe zija manesi anazilemba.

Coyamba cimene banja liyenera kucita ndi kufunsa mwini wake, payekha ndiponso mosafulumira, osati pakati pa cisoni ca maliro. Ngati afuna kukhalabe kumudzi ndipo thupi likulola, ndalama zimene zikanawasunga m'tauni zingathe kukonza denga, kukumba cimbudzi pafupi ndi nyumba, kugula foni ndi kathochi ka sola, ndi kuthandiza wacibale amene amawatungira madzi ndi kuwatolera nkhuni. Ana afunsenso ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lao ngati makolo angalembedwe pa ndalama za Social Cash Transfer. Cithandizo cimeneci cinayambira ku Kalomo mu 2003, ndipo mu 2007 boma la Katete ndilo linasankhidwa kuyeserako penshoni ya anthu a zaka 60 ndi kuposerapo. Ndalamazi ndi zocepa, koma zathandiza okalamba ena kukhalabe pakhomo pao.

Ngati kusamuka sikungapeweke, ndi bwino kuti ayambe abwera kudzaceza kwa masabata angapo ndi kubwerera, kuti tsiku losamukiratu lisakhale lodzidzimutsa. Abwere ndi zinthu zao zimene anazolowera, bulangete, mpando, mtondo kapena Baibulo lao. Khadi la ku kiliniki ndi mapaketi a mankhwala onse zisatsale, ndipo sabata yoyamba apite nao ku kiliniki ya pafupi kuti akalembetse ndi kupimidwa BP ndi shuga, cifukwa mankhwala a matendawa safuna kudukiza. Agone pafupi ndi khomo, njira ya ku cimbudzi ikhale yopanda zopunthwitsa, ndipo usiku pakhale nyali kapena cidebe pafupi. Adziwitsidwe kwa anansi ndi kwa atsogoleri a chalichi cao, apatsidwe kanchito monga kabedi ka ndiwo kuseri kwa nyumba, ndipo athandizidwe kulankhula pa foni ndi anzao a kumudzi ndi kupita ku maliro ndi maukwati a kwao.

Miyezi itatu yoyamba ndiyo yofunika kuyang'anitsitsa. Wokalamba akasokonezeka mwadzidzidzi, kuyamba kulankhula zosamveka kapena kugona usana wonse, apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Kusokonezeka kwa mwadzidzidzi kawiri-kawiri kumabwera ndi matenda ocizika monga malungo, cibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, kucepa kwa madzi m'thupi kapena shuga wokwera kapena wotsika kwambiri. Kudikira kuti mwina adzazolowera kungataitse moyo.

Tsiku la 1 October ndi tsiku lokumbukira okalamba pa dziko lonse, ndipo pa tsikuli akulu-akulu amalankhula mau okoma onena za ulemu. Ulemu umenewu umayesedwa pa tsiku limene khonsolo kapena banja likuwerengera ndalama ndi kuona kuti kusamutsa agogo ndi kochipa. Anthu a m'midzi ya ku Aberdeenshire anaumirira kuti pa tsiku lotero okalamba eni ake akhale pa msonkhano ndipo mau ao awerengedwe. Makhansala, a Social Welfare ndi ana onse amene ali ndi makolo kumudzi ayenera kucita cimodzi-modzi basi isanakwerezedwe katundu.